Kodi Keyala ya pa Intanetiyi Mwini Wake Ndani?

Silidutsa tsiku popanda wina kutiponyera linki m'gulu la pa WhatsApp. Lero ndi mwayi wa maphunziro aulere kunja, mawa ndi zotsatira za mayeso, mkuja ndi bandulo ya mphatso. Ambirife timangoona chithunzi ndi mawu okopa, chala n'kudina basi. Kamzere ka zilembo, madontho ndi timizere topendama kamene kamakhala pansi pa chithunzicho sitikawerenga n'komwe, poganiza kuti ndi chilankhulo cha akatswiri a makompyuta. Komatu m'kamzereko ndi mmene muli yankho la funso lofunika kwambiri: kodi kumene tikupitaku ndi kwa yani?

Funso lomweli limabweranso pamene sukulu, mpingo, kwaya kapena bizinesi yaing'ono yaganiza zokhala ndi tsamba lake pa intaneti. Dzina lililonse la pa intaneti lili ndi munthu kapena bungwe limene linalilembetsa, ndipo wolembetsayo ndiye amakhala ndi mphamvu pa dzinalo. Munthu wodziwa kupeza mwini wa dzina sapusitsidwa wamba, ndipo wodziwa kulembetsa dzina moyenera salandidwa chake. M'nkhani ino tiona mbali ziwirizi: kawerengedwe ka keyala ya pa intaneti ndi kalembetsedwe ka dzina.

Makompyuta amadziwa manambala, anthu amadziwa maina

Chipangizo chilichonse chikalumikizidwa ku intaneti chimapatsidwa nambala yotchedwa IP. Mtundu wakale wa manambalawa, IPv4, umalembedwa m'zigawo zinayi zolekanitsidwa ndi madontho, ndipo chigawo chilichonse chimayambira pa 0 mpaka 255. Chitsanzo chodziwika ndi 8.8.8.8, nambala ya makina ena a kampani ya Google. Manambala a mtundu umenewu alipo pafupifupi 4.3 biliyoni, ndipo ataona kuti akuchepa, akatswiri anakonza mtundu wina wautali wotchedwa IPv6.

Palibe amene angasunge m'mutu manambala a masamba onse amene amatsegula. N'chimodzimodzi ndi foni: timasunga dzina lakuti "Amayi" kapena "Abusa", foniyo n'kumatikumbukirira nambala. Intaneti isanakule, maina onse a makompyuta ndi manambala awo ankalembedwa m'fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT. Fayiloyi inkasungidwa ku Stanford Research Institute ku California, ndi gulu limene ankatsogolera mayi wina dzina lake Elizabeth Feinler. Aliyense wofuna kuwonjezera kompyuta yake ankadziwitsa ofesi imeneyi, ndipo ena onse ankayenera kukopera fayilo yatsopano.

Makompyuta atachuluka, njirayi inalephera kukwanira. M'chaka cha 1983 Paul Mockapetris anakonza dongosolo lotchedwa Domain Name System, mwachidule DNS, limene tikugwiritsabe ntchito mpaka lero. M'malo mwa buku limodzi lalikulu, DNS inagawa ntchitoyi m'magawo, aliyense n'kumasunga gawo lake. Dzina limene munthu amalembetsa m'dongosololi ndi limene timalitcha domeni. Domeni yoyamba yothera ndi .com inali symbolics.com, yolembetsedwa pa 15 Malichi 1985. Masamba a pa intaneti amene tikuwadziwawa anabwera pambuyo pake, Tim Berners-Lee atawayambitsa ku CERN, malo a kafukufuku a pafupi ndi Geneva, kuyambira mu 1989.

Tikalemba dzina m'pulogalamu yotsegulira masamba monga Chrome, Firefox kapena Opera Mini, foni imafunsa makina a kampani imene imatipatsa intaneti. Ngati makinawo sakulidziwa dzinalo, amayamba kufunsa pamwamba penipeni, pa maseva otchedwa root, amene ali ndi maina 13, kuyambira chilembo A mpaka M, ngakhale kuti makina enieniwo ndi opitirira 1,000 ndipo anamwazikana padziko lonse. Root sadziwa tsamba lililonse, koma amadziwa amene amasunga kaundula wa .mw kapena wa .com. Wosunga kaundulayo amalozera kwa seva imene mwini dzina anasankha, ndipo sevayo imapereka nambala ya IP. Zili ngati mlendo amene wafunsa kwa mfumu yaikulu, n'kutumizidwa kwa gulupu, gulupu n'kumulozera kwa nyakwawa, nyakwawa n'kumusonyeza khomo. Ulendo wonsewu kawirikawiri sutha ndi sekondi imodzi yomwe.

Zigawo za keyala

Keyala yonse ya tsamba imatchedwa URL. Tiyeni titenge chitsanzo ichi: https://www.example.org/nkhani/mayeso.pdf. Tasankha example.org chifukwa dzinali, pamodzi ndi example.com, linapatulidwa kuti lizigwiritsidwa ntchito pophunzitsa, ndipo palibe angaligule.

Chigawo choyamba, https://, chimanena njira imene foni ndi seva zilankhulirane. Chilembo s cha kumapetoko chimasonyeza kuti uthenga ukuyenda wobisika, moti munthu wapakati, monga amene tikugawana naye Wi-Fi, sangawerenge zimene tikulemba.

Chigawo chachiwiri, www.example.org, ndilo dzina la malo amene tikupita. Chimayambira pambuyo pa timizere tiwiri topendama n'kuthera pa kamzere kopendama koyamba kamene kali kokha. Apa ndiye pali nkhani yonse.

Chigawo chachitatu, /nkhani/mayeso.pdf, ndi njira ya m'kati mwa malowo, ngati chipinda ndi kabati m'nyumba. Mwini tsamba amalembapo chilichonse chimene wafuna. Makeyala ena amapitirira ndi chizindikiro cha funso ndi zilembo zambirimbiri. Zimenezo ndi malangizo opita kwa seva, monga mawu amene tikufufuza, ndipo sizisintha mwini wa malowo.

Tiwerenge kuchokera kumanja

Kusukulu tinaphunzira kuwerenga kuchokera kumanzere, koma dzina la pa intaneti limamveka bwino tikayambira kumanja. Mu www.example.org, mawu akumanja kwenikweni, org, ndiwo mtundu wa dzina. Otsatira, example, ndilo dzina limene munthu analembetsa. Awiriwa pamodzi, example.org, ndiyo domeni. Chilichonse chimene chili kumanzere kwa domeni, kaya ndi www, kaya ndi mail, kaya ndi portal, mwini domeniyo amachipanga yekha, mosalipira komanso mosapempha chilolezo kwa wina aliyense. Ngakhale www amene tinamuzolowerayu ndi mwambo chabe. Masamba ambiri amatseguka popanda iye.

M'maiko ena mtundu wa dzina umakhala ndi zigawo ziwiri. Mu www.unima.ac.mw, mw akuimira Malawi, ac akuimira sukulu za ukachenjede, ndipo unima ndilo dzina lolembetsedwa. Choncho domeni yake ndi unima.ac.mw. Momwemonso ndi malawi.gov.mw, kapena maina a ku Britain othera ndi co.uk. Mabungwe ena amalembetsa mwachindunji pansi pa mw, monga mra.mw ndi rbm.mw.

Tsopano tayerekezani makeyala awiri awa: www.malawi.gov.mw ndi www.malawi.gov.mw.example.com. Woyang'ana mothamanga anganene kuti onse ndi a boma. Koma tikayambira kumanja, yachiwiriyo ikuthera ndi example.com, ndipo mwini wake ndi amene analembetsa example.com. Mawu onse akumanzerewo ndi chovala chabe. Chinyengo china chimaika dzina lodziwika pambuyo pa kamzere kopendama, monga example.com/malawi.gov.mw. Apanso mwini malo ndi wa example.com.

Lamuloli limagwiranso ntchito pa imelo. Zimene zili kumanja kwa chizindikiro cha @ ndiyo domeni. Kalata yodzitcha kuti yachokera ku yunivesite yaikulu kapena ku ofesi ya kazembe, koma keyala yake ikuthera ndi gmail.com, ikutiuza kuti wolembayo anatsegula imelo yaulere imene wina aliyense angatsegule. Sikuti nthawi zonse ndi wakuba, koma tisanatumize ndalama kapena chithunzi cha chiphaso chathu, tiyambe tafunsa ku ofesi yeniyeniyo. Safunsa anadya phula.

Mitundu ya maina

Mitundu ya maina ili m'magulu awiri akuluakulu. Gulu loyamba ndi la maina osatengera dziko, monga .com, .org ndi .net. Poyamba .com anakonzera amalonda ndipo .org anakonzera mabungwe ena, koma lero aliyense wokhala ndi ndalama akhoza kulembetsa pa mitundu itatuyi popanda kuonetsa chikalata chilichonse. Choncho dzina lothera ndi .org si umboni wakuti mwini wake ndi bungwe lachifundo. Mitundu ina ili ndi malamulo okhwima: .gov ndi wa maofesi a boma a ku United States, ndipo kuyambira mu 2001 .edu amaperekedwa kwa sukulu za ukachenjede zovomerezeka za m'dziko lomwelo. M'chaka cha 2012 panatsegulidwa mwayi wopempha mitundu yatsopano, pamtengo wa madola 185,000 pa pempho lililonse, ndipo panabadwa mitundu yopitirira 1,000, monga .shop, .school ndi .church. Mtundu wa .africa unayamba kulembetsedwa mu 2017.

Gulu lachiwiri ndi la maiko, ndipo nthawi zonse limakhala la zilembo ziwiri: .mw ndi Malawi, .zm ndi Zambia, .mz ndi Mozambique, .zw ndi Zimbabwe, .tz ndi Tanzania. South Africa ili ndi .za kuchokera ku dzina lake la Chidatchi, Zuid-Afrika. Maiko ena zilembo zawo zinasanduka chuma. Tuvalu, dziko la tizilumba ta m'nyanja ya Pacific la anthu pafupifupi 11,000, limapeza ndalama kuchokera ku .tv chifukwa makampani a kanema amawakonda mathero amenewa. Chilumba cha Anguilla ku Caribbean nacho chikupindula ndi .ai. Izi zikutiphunzitsa kuti zilembo za dziko sizitanthauza kuti mwini tsamba amakhala m'dzikolo. Dziko lililonse limaika lokha malamulo a amene angalembetse.

Misampha ina ya akuba

Kupatula kuveka dzina chovala, akuba amalembetsa maina ofanana ndi odziwika posintha chilembo chimodzi. Amaika nambala 1 m'malo mwa chilembo l, kapena 0 m'malo mwa o. Zilembo r ndi n zikagundana, rn, pa foni yaing'ono zimaoneka ngati m. Ena amafika pogwiritsa ntchito zilembo za alifabeti ya Chirasha zimene zimafanana ndendende ndi zathu, monga a ndi o. Ena amangowonjezera mawu monga promo, bonus kapena login pa dzina la banki, n'kulumikiza ndi kamzere kapakati.

Palinso nkhani ya kaloko kamene kamaoneka pambali pa keyala. Ambiri tinauzidwa kuti kalokoko kakakhalapo ndiye kuti tsamba ndi lodalirika. Zoona zake n'zakuti kaloko, kapena https, kamangotanthauza kuti uthenga ukuyenda wobisika pakati pa ife ndi mwini tsamba. Sikanena ngati mwiniyo ndi wachilungamo. Ziphaso za https zimapezeka mwaulere kudzera ku mabungwe monga Let's Encrypt, ndipo wakuba naye amazitenga. Pozindikira kuti anthu ankakamva molakwa, a Google anachotsa chithunzi cha kaloko mu Chrome m'chaka cha 2023. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Malinki ofupikitsidwa, monga oyamba ndi bit.ly, amabisa kumene akupita. Tikadina linki yotere, tiwerenge keyala imene yatuluka pamwamba tisanalembepo kanthu. Koma pa nkhani za banki, za fizi ndi za mayeso, njira yabwino ndi kulemba tokha keyala imene tikuidziwa, osadzera pa linki yotumiziridwa.

Amene amayang'anira maina

Pamwamba pa dongosololi pali bungwe la ICANN, limene linakhazikitsidwa mu 1998 ndipo likulu lake lili ku Los Angeles. ICANN sigulitsa maina kwa anthu. Imaika malamulo ndi kuvomereza makampani ogwira ntchitoyi. Pansi pake pali mbali zitatu zimene wofuna kulembetsa ayenera kuzisiyanitsa.

Mbali yoyamba ndi wosunga kaundula, pa Chingelezi registry. Mtundu uliwonse wa dzina uli ndi wosunga kaundula mmodzi yekha, n'chifukwa chake anthu awiri sangakhale ndi domeni imodzi. Kaundula wa .com ndi .net ali m'manja mwa kampani ya Verisign, wa .org ali ndi Public Interest Registry, ndipo wa .mw kwa zaka zambiri wakhala ukusamalidwa ndi bungwe la Malawi SDNP ku Blantyre. Mbali yachiwiri ndi wogulitsa, kapena kuti registrar, amene amalandira pempho lathu ndi ndalama n'kukalemba dzinalo m'kaundula. Odziwika padziko lonse ndi monga GoDaddy ndi Namecheap, ndipo palinso makampani ang'onoang'ono amene amagulitsa m'malo mwa akuluakuluwa. Mbali yachitatu ndi wolembetsa, registrant, amene dzina lake limalembedwa ngati mwini. Mawu atatuwa amamveka ofanana, koma lachitatulo ndilo tiyenera kuligwiritsitsa.

Tisiyanitsenso zinthu zitatu zimene ambiri amaziphatikiza. Domeni ndi dzina. Malo osungira mafayilo a tsamba pa seva, amene amatchedwa hosting, ndi chinthu china cholipiridwa pachokha. Tsamba lenilenilo, ndi zithunzi ndi nkhani zake, ndi chachitatu. Tikhoza kusintha wosunga mafayilo kapena kumanganso tsamba lonse, dzina n'kukhalabe lomwelo. Tikhozanso kukhala ndi domeni popanda tsamba, n'kumaigwiritsa ntchito pa imelo yokha. Koma tikataya dzina, tsamba ndi imelo zonse zimasowa njira yofikira kwa anthu.

Wina angafunse kuti, nanga tivutikiranji pamene Facebook ndi yaulere? Tsamba la pa Facebook ndi lothandiza, koma keyala yake imayamba ndi facebook.com, kutanthauza kuti tikukhala m'nyumba ya eni. Malamulo amaika ndi iwo, ndipo akatseka tsambalo tilibe kumene tingalisamutsire. Domeni yathuyathu tikhoza kuilozetsa kulikonse kumene tafuna.

Kusankha dzina

Dzina la domeni limalola zilembo a mpaka z, manambala 0 mpaka 9, ndi kamzere kapakati, kamene sikangakhale koyambirira kapena komalizira. Silingapitirire zilembo 63, sililola mpata pakati pa mawu, ndipo silisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Kwa ife olemba Chichewa pali mfundo ziwiri zapadera. Kachizindikiro kamene timalemba mu ng'ombe, pang'ono kapena m'mudzi sikaloledwa, choncho dzina lokhala ndi mawu otere liyenera kulembedwa popanda iko. Chilembo cha ŵ chokhala ndi kadenga chimatheka m'makaundula ena okha, ndipo anthu ambiri sadziwa kuchipeza pa foni, motero ndi bwino kugwiritsa ntchito w wamba.

Dzina labwino ndi limene munthu angalimve kamodzi pa chilengezo kapena pa wailesi n'kulilemba molondola. Tiliyese politchula mokweza kwa mnzathu, iye alilembe. Tikumbukire kuti ambirife timasinthanitsa l ndi r, moti dzina lokhala ndi zilembo zimenezi likhoza kulembedwa m'njira ziwiri. Ngati thumba likulola, tilembetse zonse ziwiri n'kuzilozetsa pamalo amodzi. Tipewe maina aatali, odzaza timizere ndi manambala.

Tipewenso kutenga dzina la malonda la eni ake. Kuyambira mu 1999 pali ndondomeko yotchedwa UDRP, imene imalola mwini dzina la malonda kukadandaula ku mabungwe monga WIPO ku Geneva. Akasonyeza kuti domeniyo ikufanana ndi dzina lake, kuti wolembetsayo alibe chifukwa chomveka chokhalira nalo, komanso kuti analilembetsa ndi kuligwiritsa ntchito ndi cholinga choipa, domeniyo imalandidwa. Koma ndondomekoyi si yotsika mtengo: ku WIPO mlandu wa dzina limodzi umayambira pa madola 1,500. Sukulu ya kumudzi kapena mpingo waung'ono sungadalire njira imeneyi kuti ubweze dzina lotayika.

Nanga tisankhe .mw kapena .com? Dzina la .mw limauza anthu kuti ndife a kuno, ndipo maina aafupi amene anatha kale pa .com nthawi zambiri amapezekabe. Dzina la .com ndi lodziwika paliponse, ndipo kawirikawiri limagulidwa pakati pa madola 10 ndi 20 pachaka. Koma ogulitsa akunja amafuna khadi la banki lotha kulipira m'madola, ndipo mtengo wake m'makwacha umasintha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wolipira m'madola anaona bilu yake itakwera nthawi yomweyo. Polemba bajeti tiganizire zimenezi.

Kulembetsa

Choyamba timapita pa tsamba la wogulitsa n'kulemba dzina limene tikufuna m'bokosi lofufuzira. Likakhala kuti lili ndi mwini kale, tisankhe lina. Maina ena amagulitsidwa ndi eni ake pamtengo wodabwitsa, voice.com inagulidwa madola 30 miliyoni mu 2019. Tikapeza lopanda mwini, tisaone mtengo wa chaka choyamba wokha. Ogulitsa ambiri amatsitsa chaka choyamba kuti atikope, chaka chachiwiri n'kukweza. Mtengo wowonjezera nthawi ndiwo mtengo weniweni.

Chachiwiri timatsegula akaunti ndi kulemba dzina la mwini, keyala, foni ndi imelo. Zonsezi zikhale zoona. Pa maina monga .com ndi .org, wogulitsa amatumiza uthenga wotsimikizira, ndipo tikapanda kuyankha m'masiku 15 dzinalo likhoza kuimitsidwa. Kale zonse za mwini zinkaonekera kwa aliyense m'kaundula wotchedwa WHOIS, koma chiyambire lamulo la ku Ulaya loteteza zinsinsi za anthu mu 2018, zambiri zimabisidwa. Komabe pa lookup.icann.org tikhoza kuona tsiku limene dzina linalembetsedwa, tsiku limene lidzathe, ndi wogulitsa wake. Chida chimenechi chimathandizanso pofufuza akuba: tsamba lodzitcha la banki yakalekale koma dzina lake linalembetsedwa sabata yatha ladziulula lokha.

Chachitatu timasankha zaka, kuyambira 1 mpaka 10, n'kulipira. Pa nthawiyi wogulitsa amatiikira zinthu zina m'dengu, monga imelo, hosting ndi zotetezera zosiyanasiyana. Tichotse zimene sitikuzifuna.

Chachinayi timalozetsa dzinalo kumene kuli tsamba lathu. Wosunga mafayilo amatipatsa maina a maseva ake kapena nambala ya IP, ndipo timazilemba mu akaunti ya domeni. Kusinthaku kumatha kutenga maola angapo, mwina tsiku limodzi kapena awiri, kuti kufike paliponse, chifukwa makina ambiri amasunga yankho lakale kwa kanthawi.

Chomaliza ndi kutseka khomo: mawu achinsinsi olimba, chitetezo chachiwiri chimene chimafuna nambala yobwera pa foni, ndi loko woletsa kusamutsa dzina. Tikadzafuna kusamukira kwa wogulitsa wina, timachotsa lokoyo n'kupempha nambala yachinsinsi yosamutsira. Nambala imeneyi ili ngati kiyi wa nyumba, ndipo siyenera kuperekedwa kwa munthu wamba.

Dzina ndi la lendi

Timakonda kunena kuti "tagula domeni", koma kunena zoona timachita lendi. Nthawi imene talipira ikatha, dzina silikhalanso lathu pokhapokha titawonjezera. Pa maina monga .com, malamulo a ICANN amafuna kuti wogulitsa atikumbutse kutatsala mwezi umodzi komanso kutatsala sabata imodzi. Tsiku likadutsa, tsamba ndi imelo zimasiya kugwira ntchito. Ogulitsa ambiri amapereka masiku ena achisomo, amene sapitirira 45. Kenako pamabwera masiku 30 amene dzina lingawomboledwe, koma pamtengo wokwera kwambiri. Pakadutsa masiku ena 5, dzinalo limabwerera pamsika, ndipo pali anthu amene ntchito yawo ndi kudikirira maina otere ndi makina othamanga. Malamulo a maina a maiko, monga .mw, amaikidwa ndi wosunga kaundula wa dzikolo, choncho tiwafunse polembetsa.

Kuiwala sikuona nkhope. Mu Disembala 1999 kampani ya Microsoft sinalipire pa nthawi yake dzina la passport.com, limene anthu ankadzera polowa mu Hotmail, mpaka munthu wina wosagwira ntchito kumeneko analipira madola 35 kuti zinthu ziyambenso kuyenda. Ngati zinachitikira kampani yaikulu chotero, kuli bwanji komiti ya sukulu imene imasintha anthu zaka zingapo zilizonse?

Dzina lotayika silingokhala chete. Wolitenga akhoza kuikapo malonda a juga kapena zithunzi zolaula, pamene keyalayo idakali pa chikwangwani cha sukulu, pa makalata ndi pa makalendala amene tinagawa. Choopsa kwambiri n'chakuti akhoza kulandira imelo zonse zotumizidwa ku dzinalo, ndiponso kulembera makolo ngati kuti ndi ofesi ya sukulu, n'kuwapatsa nambala ina yolipirira fizi.

Dzina lilembedwe mwa yani?

Kawirikawiri zimayenda chonchi. Sukulu kapena mpingo umapempha wachinyamata wodziwa makompyuta kuti awakonzere tsamba. Iye, mwa mtima wabwino, amalembetsa domeniyo m'dzina lake, ndi imelo yake, ndi khadi lake. Pakapita zaka ziwiri wamaliza maphunziro, wapeza ntchito ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, foni wasintha. Makalata okumbutsa akupita ku imelo imene palibe akuitsegula. Kapenanso pabuka kusamvana pa malipiro, ndipo apa m'pamene akuluakulu amazindikira kuti m'kaundula mwini dzina ndi mnyamata uja, osati bungwe. Wogulitsa amamvera amene walembedwa m'kaundula.

Kupewa zimenezi sikufuna ukatswiri. Pa malo a wolembetsa palembedwe dzina la bungwe, ndipo katswiri alembedwe ngati wothandiza pa zaluso basi. Imelo ya akaunti ikhale ya ofesi, yotsegulidwa ndi anthu osachepera awiri, monga mphunzitsi wamkulu ndi msungichuma, pakuti mutu umodzi susenza denga. Imeloyo isakhale ya pa domeni yomweyo, chifukwa dzina likaima makalata ochenjeza sadzafika. Tsiku lothera lilembedwe pa kalendala ya ofesi, ndalama yake ilowe mu bajeti ya chaka monga ya madzi ndi magetsi, ndipo ngati n'kotheka tilipiriretu zaka zingapo. Kuwonjezera kochitika kokha n'kothandiza, koma kumalephera khadi likatha ntchito kapena likakhala lopanda ndalama. Pa tsiku losiyirana maudindo, za domeni ziperekedwe pamodzi ndi makiyi, chidindo ndi mabuku a ndalama. Ndipo kukabwera kalata yofuna ndalama yowonjezerera dzina kuchokera ku kampani imene sitinalembetseko, tisalipire. Tilowe mu akaunti yathu tokha n'kuona tsiku lenileni.

Ife amene tikukonzekera uphunzitsi tidzakumana ndi mbali zonse ziwiri. M'kalasi tidzapeza ophunzira amene makolo awo akhoza kutaya ndalama ya fizi pa linki imodzi yabodza, ndipo phunziro la kuwerenga keyala kuchokera kumanja silifuna labu ya makompyuta: choko, bolodi ndi makeyala asanu olembedwa bwino n'zokwanira kuti ana apikisane kupeza mwini wa iliyonse. Mu ofesi ya aphunzitsi, popeza ndife achinyamata, ndife amene tidzapemphedwe kukonza tsamba la sukulu. Tikadzafika pa bokosi lofunsa dzina la mwini, tidzalembe dzina la sukuluyo, ndipo mawu achinsinsi tidzawasiye mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu tisanasamutsidwe.